Sefa Inatichotsa Mantha, Matenda Inawasiya

Ife a kumtunda kuno kwa Dedza timanyadira madzi athu. Mukayamba nkhani ya matenda a m'madzi pamsika wa Bembeke kapena pa Chimbiya, sipalephera wina wonena kuti zimenezo n'za kunyanja, za anzathu a ku Mtakataka ndi ku Golomoti kumene kumatentha. Athu amatsika m'phiri, ngozizira mpaka kuwawitsa mano, ndipo m'kapu amaoneka oyera mbee. Inenso ndinakula ndi maganizo amenewo. Koma umboni wanga lero ndi wa chikhulupiriro china chimene chinadzalowa m'malo mwake, chomwe chinatsala pang'ono kundilanda mwana, choti munthu ukagula sefa ndiye kuti nkhani ya madzi pakhomo pako yatha.

Ndine mayi wapabanja, ndimalima mbatatesi ndi kabichi kufupi ndi Bembeke. Madzi akumwa timatunga pamjigo wa m'mudzi. Mjigowo ukawonongeka, kapena mzere wa ndowa ukatalika, timatsikira kudambo kumene kuli chitsime chothirira mbewu za kudimba. M'chilimwe chitsimecho chimakhala choyera bwinobwino. Mvula ikangoyamba, madzi othamanga kuchokera m'minda, m'makola ndi kuseri kwa nyumba zathu onse amalondola komweko, ndipo chitsime chimasanduka ngati thobwa losungunula. Aliyense amadziwa kuti madzi oterewa ngoipa. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti akadikha n'kuyera, kuipa kwake kumakhala kukadali momwemo.

Chaka cha 2022 chinatiphunzitsa mantha. Mliri wa kolera unayamba mu Marichi ku Machinga, namondwe wa Ana atangodutsa kumwera, ndipo tinkaumva pawailesi monga nkhani ya kutali. Unakana kutha m'chilimwe. Unakwera ndi nyanja mpaka ku Nkhata Bay, n'kudzalowa m'mizinda. Pa 5 Disembala boma linalengeza kuti mliriwu wafika pa ngozi ya dziko lonse, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre sizinatsegulidwe pa tsiku lake. Pomwe unkatha, anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala, ndipo oposa 1,700 tinawaika m'manda. Dziko lino linali lisanaonepo kolera woopsa chonchi. Maboma onse anakhudzidwa, ndi kuno kozizira komwe.

Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kugawa klorini wosungunula m'timabotolo. Pakhomo pathu klorini anakumana ndi adani. Apongozi anga, amene timakhala nawo, atangonunkhiza kapu anaikankhira kutali. "ANaphiri, madzi awa akununkha kuchipatala. Ine ndakalamba ndi madzi a dambo lomweli, bwanji sindinafe?" Bambo a kunyumba sankalankhula zambiri, koma ndinkaona kuti akumwa mokakamizika. Ana ankazemba kukamwa kwa aneba. Choncho mtima wanga unkafunafuna njira ina, yoti madzi akhale otetezeka koma opanda fungo, kuti mkangano wa pakhomo uthe.

Tsiku lina la msika ndinapeza anthu ataunjikana pa tebulo la mnyamata wovala bwino, amene anabwera ndi makatoni kuchokera kutauni. Anapempha mayi wina kuti amupatse madzi a m'botolo lake, otunga pamjigo. Anawathira m'galasi, m'galasi lina n'kuthiramo ake amene ankati ngosefa. Kenako anaviika m'magalasi onse awiri kachipangizo kokhala ndi timitengo tachitsulo, n'kukalumikiza ku magetsi a mugolosale yapafupi. Tikuona ndi maso athu, madzi a pamjigo aja anayamba kuchita thovu, kenako kufiira, kenako kuda bii, zonyansa zikuyandama pamwamba. Ake aja sanasinthe kwenikweni. "Amayi anga, izi ndi zimene mukumwetsa ana anu tsiku ndi tsiku," anatero akuyendetsa galasilo pamaso pathu. Anatulutsanso kachipangizo kena kakang'ono kosonyeza manambala, nati nambala ikakwera ndiye kuti madziwo ngakupha. Mayi mwini botolo uja anagwira pakamwa.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malere. Sabata yomweyo ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, ndalama imene ndinkati ndigulire feteleza wobereketsa, n'kukagula sefayo. Inali ya zidebe ziwiri zapulasitiki zoonekera m'kati, china pamwamba pa chinzake. M'chapamwamba munali kandulo woyera wadothi, kunsi kwake chibotolo cha makala osinja ndi timiyala tamitundumitundu, ndipo chapansi chinali ndi kampopi. Pakatoni panali chithunzi cha mathithi ndi mawu achingerezi ambirimbiri. Sindinafunse kuti imachotsa chiyani, anaiyesa ndani, kapena kanduloyo akatha ndikamupeza kuti. Mnyamatayo sanaonekenso pamsika wathu.

Masiku oyamba inatisangalatsa ndithu. Madzi ankatuluka oyera, opanda fungo, ndipo apongozi anayamba kuitana anzawo kuti adzalawe. Apa ndi pamene mlandu uli wanga, ndipo sindibisala kuseri kwa wogulitsa uja. Ndinasiya kuthira klorini. Kabotolo ka alangizi kanangokhala pawindo mpaka kutha mphamvu. Ndinasiya kuphitsa madzi a mwana wamng'ono. Ndinasiyanso kulimbikira zopita kumjigo, moti mzere ukatalika ndinkangotuma ana kudambo, ndimvekere palibe kanthu, sefa ilipo. Tisanagule sefa tinkachita mantha, ndipo manthawo ankatiteteza. Titagula tinayamba kumwa madzi oipa kuposa kale, mtima uli m'malo.

Madzi amatope a mu Januwale sanachedwe kutseka kandulo uja. Madontho anayamba kugwa mwa apo ndi apo, moti usiku wonse sankadzaza ngakhale ketulo. Ndinkamuchotsa n'kumukwecha ndi waya wotsukira mapoto komanso sopo, pomwepo pathandala la mbale, n'kumutsukuluza ndi madzi omwewo a kudambo. Tsiku lina anandipulumuka m'manja n'kugunda m'mphepete mwa beseni. Ndinamutembenuza uku ndi uku, sindinaone kanthu, ndinamubwezera. Kuyambira pamenepo madzi anayamba kutsika mofulumira, ine n'kumakondwa poganiza kuti tsopano ndadziwa katsukidwe kake. Kampopi nako kanathyoka ana akulimbirana kumwa. Tinakamata ndi pulasitiki, ndiye aliyense wofuna madzi ankanyamula chidebe chapamwamba n'kumiza kapu m'chapansi, kaya wachokera kukhola, kaya kuchimbudzi.

Mwana wathu wotsiriza, amene anali asanayambe sukulu, anayamba kutsekula m'mimba madzulo ena mvula ikugwa. Pofika pakati pa usiku ankasanza chilichonse chimene ndamupatsa. Maso analowa m'kati, milomo inauma, ndipo ankalira popanda misozi. Nditatsina khungu la pamimba pake linangoima osabwerera. Bambo ake anathamanga kukadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo tinayenda m'matope ndi m'nkhungu, ine nditamubereka. Khosi lake linali lende. Panjira sindinathe kupemphera mawu ambiri. Ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, musanditengere uyu."

Kuchipatala anamulandira mwachangu. Anavutika kupeza mtsempha chifukwa thupi linali litauma, koma pomaliza dripi inayamba kuyenda. Kutacha anatsegula maso n'kupempha madzi. Mulungu anatichitira chifundo, ndipo sindidzaiwala manja a anthu amene anagwira ntchito usiku umenewo. Tisanatuluke, namwino wina anandifunsa, "Mayi, kunyumba mumamwa madzi otani?" Ndinayankha molimba mtima kuti osefa. "Nanga klorini mumathira?" Ndinayang'ana pansi. Sanandikalipire. Anandipatsa mapaketi a ORS ndi mapiritsi a zinki, nati auza mlangizi wa kwathu kuti adzaione sefayo.

Mlangiziyo atabwera sanayambe ndi kulankhula. Anachotsa kandulo uja, namumiza mundowa ya madzi, n'kuuzira mpweya pakabowo kake kotulukira madzi. Tithovu tinatuluka mondondozana pamzere umodzi, kuchokera pakhosi mpaka pakati. "Mwaona, mayi? Madzi anu sakudutsanso m'dothi. Akudutsa pamng'alu apa." Kenako anandiuza kuti ndipise chala m'chidebe chapansi ndikhudze m'makona. Munali moterera. Chidebe chimenecho ndinali ndisanachitsukepo, poganiza kuti mumangokhala madzi oyera. Za makala aja anandifotokozera kuti ntchito yake ndi kuchotsa fungo ndi kakomedwe koipa, ndipo amachotsanso klorini, koma sapha tizilombo. Akakhalitsa osasinthidwa, tizilombo timaswana momwemo. Ngakhale ndikanathira klorini m'chidebe chapamwamba, makala akanamumwa yense, madzi n'kufika pansi opanda chowateteza. Anandiuzanso kuti kandulo satsukidwa ndi sopo kapena waya. Amangofuna kaburashi kofewa ndi madzi oyera, ndipo akayamba kuthamangitsa madzi mwadzidzidzi ndiye kuti wasweka.

Za matsenga a pamsika aja anandimasulira ndi mwana wa achimwene anga, amene amaphunzitsa sayansi kusekondale. "Azakhali, zimene munaona zikuyandama zija ndi dzimbiri la timitengo take tomwe." Madzi alionse a pansi pa nthaka amakhala ndi mchere wachilengedwe wosungunuka, ndipo mcherewo umalola magetsi kudutsa. Magetsi akamadutsa, chitsulo chimadyeka n'kudetsa madzi. Madzi amene achotsedwa mchere wonse sadutsitsa magetsi, n'chifukwa chake sada, koma mutangothiramo kamchere ka mundiwo nawonso angade chimodzimodzi. Sefa ya mtundu umene ndinagula sichotsa mchere wosungunuka, choncho madzi ake aja akanakhala odutsadi m'sefa imeneyo akanada ngati a mayi uja. Kachipangizo ka manambala nako kamayeza mchere womwewo. Madzi odzaza ndi tizilombo ta kolera atha kusonyeza nambala yotsika, a pamjigo wabwino n'kusonyeza yokwera. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mnyamata uja ananamizira mjigo. Pa madzi onse amene tinali nawo, a pamjigo ndiwo anali abwino koposa, ndipo ndi amene anatichititsa kuwakayikira.

Mwana atachira ndinayamba kufunsafunsa, ndipo ndinazindikira kuti funso loti sefa yabwino ndi iti lilibe yankho munthu usanadziwe chimene chili m'madzi ako. Matope amaoneka, ndipo amachoka podikhitsa ndi posefa. Tizilombo sitioneka, komanso timasiyana kukula. Mabakiteriya oyambitsa kolera ndi tayifodi, ndiponso mazira a njoka zam'mimba, kandulo wadothi wosasweka amagwira ambiri a iwo. Mavairasi ngaang'ono zedi moti ambiri amadutsa, ndipo chowapha ndi klorini kapena moto. Kulinso kachilombo kena kotsekulitsa ana m'mimba, kotchedwa Cryptosporidium, kamene klorini wa muyezo wa pakhomo sakapha, pomwe sefa imakagwira mosavuta. Klorini nayenso akathiridwa m'madzi amatope amathera mphamvu pa matopewo, tizilombo n'kubisala momwemo. Choncho sefa ndi klorini zimadalirana, ndipo sefa iyenera kutsogola, klorini n'kubwera pambuyo. Ine ndinatenga chimodzi n'kutaya chinzake.

Palinso zosungunuka zimene kandulo, nsalu ngakhale moto sizichotsa. Amene mumayenda msewu wa M1 kupita ku Lilongwe mumadutsa pa Nathenje. M'midzi ina ya kumeneko akatswiri anapeza fluoride wochuluka m'madzi a m'mijigo, ndipo ana ena amakula ndi mano a mawanga ofiirira. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo kuphitsa sikumuchotsa, chifukwa madzi amauluka iye n'kutsala. Kwa ife alimi a mbatatesi, amene timathira feteleza wambiri m'madimba moyandikana ndi zitsime, chodetsa nkhawa ndi nitrate, yemwe ngoopsa kwa makanda akapitirira mamiligalamu 50 pa lita. Madzi ofiiritsa ndowa ndi zovala nthawi zambiri amakhala ndi chitsulo cha m'nthaka kapena dzimbiri la mapaipi. Amanyansa m'maso, koma amene amapha si amenewo. Zonsezi diso silingazisiyanitse, zimafuna kuyeza. Boma lili ndi labotale ya madzi ku Lilongwe, ndipo a ofesi ya zamadzi paboma amadziwa njira yotumizira madzi kuti akayezedwe. Banja limodzi lingalemedwe nazo, koma mudzi utasonkha kudzera kukomiti ya mjigo, n'zotheka.

Apongozi anafunsa chifukwa chake sitingophitsa monga ankachitira amishoni kale. Kuphitsa n'kwabwino zedi. Kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno kusiyana ndi kunyanja. Komabe kutentha kumeneko n'kokwanira. Madzi akabwadamuka bwinobwino kwa mphindi imodzi, tizilombo tafa, ndi mavairasi omwe. Chovuta ndi nkhuni. Aliyense amene amayang'ana mapiri athu, kuyambira ku Chongoni mpaka phiri la Dedza, akudziwa mmene mitengo yathera, ndipo thumba la makala silikugulika. Kuphitsira banja lonse madzi akumwa tsiku ndi tsiku ndi katundu wolemera, ndipo amene amamusenza ndi mayi ndi ana aakazi. Madzi ophitsa akazizira alibenso chowateteza ku kapu yakuda.

Njira yoika madzi m'mabotolo apulasitiki oonekera padenga la malata imagwira ntchito dzuwa likawomba kwa maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo. Mu Seputembala ndi Okutobala n'zotheka. Koma mu Juni ndi Julayi kuno kumacha ndi nkhungu ndi mvula yamawawa, ndipo mu Januwale, pamene matenda amavuta, kumwamba kumakhala kotseka, madzinso amatope. Sindinaidalire. Njere za cham'mwamba zosinja zimadikhitsa matope, moti akatswiri anaziyesapo pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma mtengowu umakonda kotentha, ndipo ntchito yake yaikulu ndi ya matope. Chimene ndinatola mosavuta ndi nsalu. Ku Bangladesh, kafukufuku amene anatuluka mu 2003 anasonyeza kuti m'midzi imene amayi ankasefa madzi ndi nsalu yawo yakale yopinda kanayi kapena kuposa, odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka. Chitenje chakale chili m'nyumba iliyonse.

Achemwali anga amakhala paboma ndipo ali ndi mpopi pakhomo. Atamva za mwana wanga anafuna kugula makina oika pansi pa sinki, a reverse osmosis. Makinawa amachotsadi pafupifupi zonse, ndi fluoride ndi nitrate omwe. Koma amafuna madzi amphamvu m'paipi, ambiri amafuna magetsi, ndipo amataya madzi ochuluka kuposa amene amapereka. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Nyali ya UV yophera tizilombo m'madzi nayonso magetsi akazima ndiye kuti yagona. Ndinawauza kuti ayambe afunsa mtengo wa zosinthira, chifukwa zonse zimachokera kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nyumba zambiri zili ndi sefa zokongola zimene zangokhala pakona poti chosinthira chinasowa kapena chinakwera mtengo. Madzi a pampopi amabwera atathiridwa kale klorini. Chimene achemwali ankasowa kwenikweni chinali chosungiramo chabwino.

Pankhani ya chosungiramo pali zimene zinachitika m'dziko mwathu momwe muno. Ife a ku Dedza tikuwakumbukira abale a ku Mozambique amene anathawa nkhondo n'kudzakhala pakati pathu. Ena anali kumsasa wa Nyamithuthu ku Nsanje, ndipo kumeneko mu 1993 akatswiri anapeza kuti madzi ankachoka pamjigo ali abwino, n'kumaipitsidwa ndi manja ndi makapu mundowa. Mabanja ena anapatsidwa ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi kamlomo kothirira, yoti dzanja silingalowemo. Tizilombo ta m'chimbudzi m'madzi awo tinachepa ndi 69 peresenti, ndipo kutsekula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu kunachepa ndi 31 peresenti. Panalibe sefa, panalibe mankhwala, koma ndowa yotseka basi. Nditamva zimenezi ndinakumbukira kampopi kathu komata ndi pulasitiki, ndi timanja ta ana anga tikumiza kapu m'chidebe.

Sefa zabwino zilipo, ndipo sindikunena kuti anthu asagule. Ya mphika wadothi inayambira ku Guatemala mu 1981, poumba dongo losakaniza ndi utuchi, kuti likawotchedwa utuchiwo upse n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Yabwino imadontha lita imodzi kapena awiri pa ola, osati kuthamanga. Ndikaganiza kuti Dedza ndi dziko la oumba, lodziwika ndi dothi lake mpaka kunja, ndimalakalaka tsiku limene misika yathu idzadzaze ndi sefa zoumbidwa kuno n'kuyesedwa bwino. Ilipo ya mchenga, imene David Manz wa ku Canada anaikonza kuti izigwira ntchito pakhomo, yolimba ndiponso yosafuna zosinthira, koma imafuna kuthiridwa madzi tsiku lililonse ndipo imatenga masabata angapo kuti ikhwime. Zilipo za timapaipi tating'onoting'ono zimene zimatsukidwa pokankhira madzi chobwerera ndi sirinji. Ku Mzuzu kuli SMART Centre imene imaphunzitsa amisiri za njira zotsika mtengo zopezera ndi kuyeretsa madzi pakhomo. Kuyambira 2014 bungwe la WHO limayesa zipangizo zoyeretsera madzi pakhomo n'kufalitsa zotsatira zake, ndipo kuno kwathu tili ndi Malawi Bureau of Standards. Wogulitsa woona mtima sakwiya mukamufunsa kuti sefa yake inayesedwa kuti.

Pakhomo pathu tsopano timachita motere. Madzi akumwa ndi a pamjigo, mzere utalike bwanji. Mjigo ukawonongeka n'kukakamizika kupita kudambo, madziwo amagona m'ndowa usiku wonse kuti adikhe, m'mawa timatsanula a pamwamba okha kudzera pachitenje chopinda, chimene timachichapa n'kuchiyanika padzuwa. Kenako amadutsa m'sefa ya kandulo yopanda makala, imene ndinagula m'sitolo yoti ndikabwerera ndikapeza kandulo wina. Akatsika timawathira m'chidebe chotseka cha mpopi, n'kuikamo klorini pa muyezo umene alangizi anatipatsa, ndipo palibe amene amamwa mphindi 30 zisanakwane. Chidebecho ndimachitsuka ndekha Loweruka lililonse. Pafupi ndi chimbudzi pali mpondagiya ndi sopo. Ntchitoyi ndi yotopetsa, makamaka nthawi yobzala pamene munthu umabwera kumunda msana ukuwawa, ndipo masiku ena mtima umanena kuti lero lokha tingomwa. Sindiumvera.

Fungo la klorini silinathe, koma likakhala pa muyezo wake ndipo madzi agona m'chidebe, limachepa. Madzi a tiyi ndi a phala amawira kale pamoto, choncho apongozi sanataye kanthu. Iwo ndi amene anagona pamkeka akupemphera usiku umene tinali kuchipatala, ndipo masiku ano akaona ndabwera ndi ndowa amafunsa okha, "ANaphiri, mankhwala aja mwathira?" Ngongole ya ku banki m'khonde ndinabweza movutika, chifukwa mbatatesi ya chaka chimenecho inasowa feteleza ndipo inabereka pang'ono.

Ndinalowanso mukomiti ya mjigo, poona kuti chimene chinkatitsitsira kudambo n'kuwonongeka kwa mjigowo. Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, ndipo zimene zimatha kawirikawiri ndi timarabala ndi timapulasitiki totsika mtengo, toti anthu a m'mudzi ophunzitsidwa atha kusintha okha. Komabe unkatha masabata uli chigonere chifukwa m'thumba la komiti munalibe kanthu, pomwe ine ndekha ndinataya ndalama ya thumba la feteleza pa chidebe chapulasitiki. Tsopano timasonkha mwezi ndi mwezi. Tinamata simenti imene inang'aluka m'mbali mwa mjigo, tinamanga mpanda kuti nkhumba ndi mbuzi zisafikepo, ndipo tinagwirizana ndi amfumu kuti pasakumbidwe chimbudzi pa mtunda wosakwana mamita 30.

Amayi anzanga ndi abambo amene muli ndi sefa m'nyumba, mvula isanayambe ichotseni pamalo pake muiyang'ane. Pisani chala m'chidebe chapansi. Mizani kandulo m'madzi muuzire mpweya, muone ngati tithovu tikutuluka pamzere umodzi. Ngati yayamba kuthamangitsa madzi kuposa kale, musamwetse mwana madzi amenewo lero. Amene mukufuna kugula, musapereke ndalama kwa munthu wokuonetsani madzi akuda m'galasi. Yambani mwapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mumuuze kumene mumatunga, ndipo kabotolo ka klorini kamene akupatseniko mukagwiritse ntchito.